Kampeni kam'thumba ka mmisiri: mugule kotani?

Pasaiti mukangoti "tandipatseko mpeni," waganyu amathamanga n'kukubweretserani uja wotapira matope pomanga njerwa. Kwa abilida, mpeni ndi umenewo. Koma pali wina umene kontirakitala saufunsa polemba anthu ntchito, chonsecho umatuluka m'thumba kambirimbiri dzuwa lisanalowe. Ndikunena kampeni kopinda.

Ndi kamene timang'ambira matumba a simenti, kudulira chingwe choongolera khoma, kusongolera pensulo, kudulira pulasitiki wakuda woyala pansi pa silabu, kudulira malamba omangira makatoni a matailosi, ndi kupalira kukamwa kwa paipi ya PVC imene yangodulidwa ndi sowo. Ikakwana 12 koloko, komweko kamasenda chinangwa ndi nzimbe.

Ine ndakhala pa ntchito ya zomangamanga zaka zoposa 15, zambiri ku Lilongwe kuno, zina ku Johannesburg. Masiku ano anyamata ndi atsikana amene angomaliza kumene maphunziro a TEVETA amanditumizira zithunzi pa WhatsApp, zojambula ku TikTok kapena ku Facebook, n'kufunsa kuti, "Madala, uwu bwanji?" Nthawi zambiri umakhala mpeni wakuda bii, wa mano ngati ng'ona, wotseguka ndi chala chimodzi kuti thwa! Wojambula kanemayo amadula pepala m'malere, n'kumeta ubweya wa pamkono, ali pa tebulo loyera. Sindinaonepo mmodzi mwa iwo akung'amba thumba la simenti limene lagona pa mchenga sabata yathunthu.

Apa ndiye pagona nkhani. Mchenga wa kumtsinje umene timamangira, mbali yake yaikulu ndi timiyala ta quartz, ndipo timiyala timeneti n'tolimba kuposa chitsulo chimene amapangira mipeni. Mpeni ukadutsa pa thumba la fumbi, kapena pa chingwe chimene chakhala chikukwekwerezeka pansi, zimakhala ngati mwaukhula pa sandipepa. Wotchipa umabuntha, wodula umabunthanso, kusiyana kwake n'kwakuti wodulawo umakupwetekani mtima. Fumbi lomwelo limalowa mopindikira mpeni, likakumana ndi thukuta kapena madzi limauma gwa. Ndiye funso loyamba pogula si lakuti mpeniwu ndi wakuthwa bwanji lero m'shopu, koma kuti ukabuntha Lachitatu masana mudzautani.

N'chifukwa chake amene akuyamba kumene ntchito ndimamuuza kuti ayambe wagula mpeni wopinda wa malezala osintha. Ndi uja ambirife timangouti Stanley ngakhale utapangidwa ndi kampani ina, monga momwe mankhwala aliwonse otsukira mano amasandukira Colgate pagolosale. Lezala lake ndi lalifupi, la nsonga ziwiri. Mbali imodzi ikatha mumalitembenuza, zonse zikatha mumataya n'kuika lina. Malezalawa amagulitsidwa m'mapaketi a 5 kapena 10 m'mahadiweya ambiri, ndipo paketi imodzi siifika mtengo wa mpeni watsopano. Palibe kunola, palibe kudandaula. Aliponso malezala opindika kunsonga ngati mbedza, abwino podula pulasitiki wokhuthala kapena kapeti popanda kukanda zimene zili pansi pake.

Pogula wamtunduwu, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, ulandire malezala wamba aja a timipata tiwiri pamwamba, osati ake okha amene mudzawasowe mukapita kukagwira ntchito ku Ntchisi. Chachiwiri, kabatani kogwira lezala kakhale kolimba. Ilipo ina imene mukamadula chinthu chokhuthala, lezala limatsalira m'chinthumo inu n'kutsala ndi chogwirira chokha m'manja. Muuzeni wam'shopu aike lezala, mulikoke ndi pulaya pang'ono. Likasolotoka, usiyeni.

Mpeni umenewu uli ndi malire ake. Lezala ndi lopyapyala, mukalipotoza limathyoka n'kuuluka, ndipo limakonda kulunjika kumaso. Ndiponso malezala otha asamatayidwe paliponse. Masaiti athu ambiri a m'makomboni alibe mpanda, tikangoweruka ana amabwera kudzasewera pa mulu wa mchenga opanda nsapato. Ine ndimasunga kachitini ka penti kobowola pachivundikiro, lezala likatha limalowa mmenemo.

Loko ndiye mwini nkhani

Pali ntchito zina zimene lezala lalifupi silingathe: kudula chingwe chachikulu cha sisal, kusema kamtengo kotsekera pa mpini wa fosholo, kudula paipi yothirira madzi. Apa pamafunika mpeni weniweni wopinda. Ndipo pa mpeni wotere, chimene ndimayamba kuona si chitsulo, si dzina, koma loko.

Mipeni yambiri yotchipa ilibe loko. Chimene chimaugwira ukatseguka ndi kasipuling'i ka kumsana basi. Mukamadula mokankhira kukamwa kwa mpeni pa chinthu, palibe vuto. Vuto limabwera mukafuna kubowola ndi nsonga, kapena mpeni ukakanirira mu thabwa inu n'kuukoka mokweza. Umapindika, ndipo pamene umakatsekera ndi pamene pali zala zanu.

Pa saiti ina kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe tinali ndi mnyamata wina wa manja abwino kwambiri pa pulasitala. Tsiku lina ankabowola kabokosi ka pulasitiki ka soketi ndi kampeni kopanda loko kuti paipi ilowe. Kanapindika n'kumutema chala cha mkombaphala, mkati mwake. Bala lake linali laling'ono, moti anzake ankamuseka kuti akulira chiyani mwamuna wamkulu. Koma nditamuuza kuti apinde chalacho, nsonga yake sinagwedezeke. Mtsempha umene umakoka chala unali utaduka. Mtsempha wotere sulumikizana wokha, umafuna madokotala ausoke, ndipo pasamapite masiku ambiri. Anamusoka, koma anakhala pakhomo miyezi yoposa iwiri. Waganyu akakhala pakhomo ndiye kuti palibe cholowa, lendi ikuwerengabe. Anabwerera pa ntchito, koma mpaka pano chalacho sichipinda bwinobwino, ndipo mpeni wa matope amaugwira mwa mtundu wina.

Maloko alipo angapo. Pali ya kumsana, imene mumadina kumbuyo kwa chogwirira kuti mpeni utsekeke. Imeneyi ndi yakale, yolimba, ndipo imafuna manja awiri potseka, zimene kwa ine si vuto. Choipa chake n'chakuti kamphako kamene loko imagweramo kakadzaza fumbi, loko siigwira mokwanira ngakhale imveke ngati yagwira. Pali ina ya kachitsulo ka mkati mwa chogwirira kamene kamadumphira kuseri kwa mpeni ukatseguka, imene pa intaneti mudzaipeza ndi dzina lakuti liner lock. Ndi imene ili pa mipeni yambiri ya masiku ano. Imatseguka ndi kutsekeka ndi dzanja limodzi, zothandiza mukakhala pamakwerero, koma potseka chala chanu chachikulu chimadutsa m'njira ya mpeni, ndipo pa mipeni yosapangidwa bwino kachitsuloko kamangogwira m'mphepete penipeni.

Musachite manyazi kuyesa musanalipire. Tsegulani mpeni mpaka ulire, muugwire m'mbali zala zili kutali ndi njira yake, kenako mukankhe kumsana kwake ndi dzanja linalo. Usasunthe. Ugwedezeninso cha uku ndi uku. Ukamachita gwedegwede uli watsopano, pakatha mwezi udzakhala ngati dzino la nkhalamba. Ngati ndi wa kachitsulo ka mkati, suzumirani muone ngati kachitsuloko kalowa mokwanira kuseri kwa mpeni. Wogulitsa akakana kuti muyese, pali mashopu ena.

Nanga Okapi?

Funso limeneli silephera, makamaka kwa amene anakhalako ku Joni. Okapi ndi mpeni wa mbiri yake. Unayamba kupangidwa ku Germany mu 1902 kuti uzigulitsidwa kuno ku Africa, ndipo dzina lake ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Mu 1988 ntchito yopanga mipeniyi inasamukira ku South Africa, komwe ikupangidwabe. Wotchuka kwambiri ndi uja wa chogwirira cha mtengo, wa kamphete kumsana kamene mumakoka kuti loko imasuke, wolira kuti kerekere potsegula.

Pa ntchito, Okapi ndi wabwino ndithu pa mtengo wake. Ndi wopepuka, sachedwa kunoleka, ndipo akasowa simugona ndi njala. Koma ndi wautali, nsonga yake ndi yopyapyala, ndipo kutseka kwake kumafuna kuzolowera chifukwa sipuling'i yake ndi yamphamvu. Chachikulu n'chakuti mbiri yake inaipa. M'makomboni a ku South Africa umadziwika ngati mpeni wa atsotsi, ndipo wapolisi akaupeza m'thumba mwanu pa renki ya matakisi madzulo, maganizo ake oyamba sakhala a matumba a simenti. Ine ku Johannesburg sindinkayenda nawo pa chifukwa chimenechi basi.

Ena amafunsa za Opinel wa ku France, wa kamphete kozungulira pakhosi. Amadula bwino kwambiri, koma chogwirira chake cha mtengo chikanyowa chimafufuma, mpeni n'kukana kutseguka. Nyengo ya dzinja pasaiti mudzatukwana. Victorinox wa ku Switzerland, wofiira wa kamtanda uja, ndi wokongola ndiponso wolimba, koma mitundu yake ing'onoing'ono yambiri ilibe loko, ndipo timipata take tambirimbiri timasanduka nkhokwe ya fumbi. Ndi wabwino kwa kapitawo woyenda ndi mapulani m'manja.

Za chitsulo anthu a pa intaneti amakangana usiku wonse, koma mmisiri akufunika kudziwa zochepa. Chitsulo cha kaboni, chosasakaniza ndi zoletsa dzimbiri, chimanoleka msanga ndipo chimathwa kwambiri, koma mukachisiya chonyowa usiku umodzi m'mawa mupeza chafiira. Chosachita dzimbiri chimakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti. Mukaona palembedwa 8Cr13MoV, 420HC kapena 440C, dziwani kuti ndi zitsulo zapakatikati zimene zimakwanira bwino ntchito yathu, ndipo zimanoleka pa mwala wamba. D2 amachedwa kubuntha, eya, koma akabuntha mudzatuluka thukuta pomunola, komanso amachitako dzimbiri. Ndalama zimene mukanawonjezera pofuna chitsulo chapamwamba, kaguleni magolovesi ndi magalasi otchinga maso.

Utali wa masentimita 7 kapena 8 ndi wokwana. Woposa apo umalemera m'thumba ndipo umaopsa anthu. Nsonga yosongoka ngati mkondo ilibe ntchito pa zomangamanga, imangothyoka kapena kubowola zimene simunafune kubowola. Ine ndimakonda mpeni wa kukamwa kowongoka, msana wake wotsikira kunsonga, chifukwa umatsata mzere bwino ukamadula motsamira sikweya. Wa mano umathandiza pa zingwe zokha, pensulo sungasongole, ndipo kuunola n'kovuta.

Chogwirira chikhale chokhakhala, chodzaza m'dzanja, choti mutha kutsegula mutavala magolovesi. Chachitsulo chosalala chimaterera manja akachita thukuta, ndipo mukachisiya padzuwa la mu Okutobala pamwamba pa malata simuchigwira. Mtundu wake ukhale wowala, wachikasu kapena wofiira. Wakuda ndi wokongola pa chithunzi, koma ukagwera mu ngalande ya fawundeshoni cha m'ma 5 koloko ndiye mwaupereka nsembe. Kachitsulo kokolekera m'mphepete mwa thumba n'kofunika kwambiri kwa ogwira ntchito pamwamba, chifukwa mpeni wogwa kuchokera padenga, ngakhale wotseka, ukhoza kuvulaza amene akuponda matope pansi. Ndipo mipeni ija yotseguka mofewa chifukwa cha timipira tachitsulo mopindikira, isiyireni a mu ofesi. Timipirato ndi fumbi la simenti sizimwerana madzi.

Mawu amodzi pa za mayina. M'misika yathu ndi pa Facebook mwadzaza mipeni yolembedwa mayina a makampani otchuka koma mtengo wake wofanana ndi wa mbale ya chipisi. Chikomekome cha mkuyu. Kulemba dzina pa chitsulo n'kosavuta, chovuta ndi kuchiwotcha ndi kuchiziziritsa moyenera kuti chilimbe, ndipo zimenezo sizioneka ndi maso. Kuli bwino kugula mpeni wa dzina losadziwika m'hadiweya imene mutha kubwererako mawa, kusiyana ndi wa dzina lalikulu kwa munthu amene mukangomutumizira ndalama pa foni nambala yake imasiya kupezeka.

Pochoka pasaiti

Mpeni uli pasaiti ndi chipangizo. Ukatuluka pageti, lamulo limauyang'ana ndi diso lina, ndipo apa achinyamata amene mukulingalira zopita kunja mumvetsere.

Ku South Africa kuli lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013. Limati munthu wopezeka ndi chida choopsa m'njira yopereka chikayikiro chakuti akufuna kuchitira zoipa akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 3. Lamulo lomwelo silikhudza amene ali ndi chidacho chifukwa cha ntchito yovomerezeka. Ndiye mpeni uli m'bokosi la zipangizo pamodzi ndi tepi ndi levulo umadzifotokoza wokha, pamene womwewo uli m'thumba la jinzi kumowa Loweruka usiku ulibe mboni. Kwa mlendo amene mapepala ake ali ndi mafunso kale, imeneyo si nkhani yoiyamba dala.

Ku England ndi Wales n'kokhwima kuposa apo. Pansi pa Criminal Justice Act ya 1988, mpeni wopinda umene mungayende nawo popanda kupereka chifukwa ndi wosapitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.62, ndipo ukhale wopanda loko. Wa loko aliyense, ngakhale uja wa malezala osintha, umafuna chifukwa chomveka. Ntchito ndi chifukwa chovomerezeka, koma ndi inuyo amene muyenera kutsimikizira khoti, ndipo chilango chimafika zaka 4. Taonani mmene zilili: loko imene ikuteteza chala chanu pa ntchito ndi yomweyo ingakumangitseni mukaiwala mpeni m'jekete popita kokagula zinthu. Masaiti ena kumeneko salola n'komwe mipeni wamba, amapereka awo a lezala lobwerera lokha mkati.

Kwathu kuno nzeru yake ndi yomweyo. Pa rodibuloko, pa msonkhano, pa bwalo la mpira, mpeni m'thumba umabweretsa mafunso amene simukuwafuna. Pokwera ndege pa Kamuzu International Airport, uikeni m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege. Wa m'chikwama cha m'manja amalanda, ndipo saona kuti munagula zingati.

Amagetsi, inu ndiye ndili nanu mawu apadera. Mpeni wopinda si chida cha pa waya wa moto. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi mavoti 230, ndipo pulasitiki wa pa chogwirira cha mpeni wamba sanapangidwe kuti akutetezeni, poti timisomali ndi zitsulo za mkati mwake zimakhudza dzanja. Zida zoyenera zimalembedwa 1000 V. Ngakhale magetsi atazimitsidwa, kusenda waya wa 1.5 kapena 2.5 ndi mpeni mozungulira kumatema kopa wa mkati. Pamene patemekapo pamakhala pofooka, pamatha kuthyoka mukamapinda waya mu soketi kapena kumatentha pakapita nthawi, mwini nyumba osadziwa. Kapulaya kosendera mawaya sikodula. Mpeni ungothandiza kung'amba chikopa chakunja cha kebulo, motsata utali wake, mosazamitsa.

Kusamala mpeni sikufuna zambiri. Poweruka, upukuteni, mupemerere mopindikira, ndipo kamodzi pa sabata muutsuke ndi kaburashi ka mano kakale ndi palafini pang'ono, kenako kadontho kamodzi ka oyilo wa makina osokera. Girisi ayi, amaitana fumbi. Ngati ndi womwewo mumasendera chinangwa, muutsuke ndi sopo kaye, simenti si ndiwo. Ponola, mwala wa mbali ziwiri wa m'hadiweya ndi wokwana. Goneketsani mpeni pa madigiri pafupifupi 20, ndiko kuti msana wake utukuke pang'ono chabe pamwamba pa mwala, ndipo mbali zonse zilandire mofanana. Chopukusira cha magetsi chimatenthetsa chitsulo mpaka kusintha mtundu, chikatero chafewa, sichidzagwiranso kuthwa. Mpeni wobuntha ndi umene umavulaza kwambiri, chifukwa mumaukankha ndi mphamvu ndipo ukaterereka umapita ndi mphamvu yomweyo. Dulani molozetsa kutali ndi thupi, ndipo ntchafu si tebulo.

Za obwereka ndiye musanene. "Achimwene, tabwerekeni kampeni kaja kamphindi." Mukapereka osafunsa, mukaupeza akutsegulira chitini cha penti kapena akumangira sikuluwu, nsonga itapita kale. Ine ndimayamba ndafunsa kuti mukufuna kudula chiyani, ndipo m'thumba lina ndimasunga sukuludiraiva yakale yoti ndizipereka kwa oterowo.

Mukadzitema, tsukani bala ndi madzi oyera ambiri, mulipsinje ndi nsalu yoyera, dzanja mulikweze m'mwamba. Ndaonapo anthu akuthira dothi, fumbi la simenti, ngakhale mafuta a mabuleki pa bala. Simenti ikanyowa imawotcha khungu labwinobwino, nanga pa bala? Dothi ndiye kwawo kwa tizilombo toyambitsa kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi thupi lonse amene amapha. Anthu amati kafumbata amabwera ndi dzimbiri, koma gwero lake ndi dothi ndi ndowe zimene zamatirira pa chitsulocho. Amayi ambiri amalandira katemera wake ku sikelo akakhala oyembekezera, pamene abambo ambiri anabayidwa komaliza ali makanda. Choncho bala lakuya kapena lakuda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti simukumbuka chaka chimene munalandira katemera wa kafumbata. Chala chikachita dzanzi kapena chikakana kupinda, musadikire kuti muone mmene chidzukire mawa.

Pofika kunyumba, mpeni usagone m'thumba la ovolosi. Ovolosi imakolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko, pamene mwana wa zaka 4 amafikira akakwera pa mpando, ndipo amene amachapa amapisa m'matumba osayang'ana. Wanga umalowa m'bokosi la zipangizo pamodzi ndi paketi ya malezala, bokosilo n'kukhomedwa ndi loko, kiyi ali pa mkombero umodzi ndi wa njinga.